Njira yosinthira malamulo a mpira kuti masewero azikoma

Amene akufuna kuti lamulo la mpira wamiyendo lisinthe ayambe watchula vuto limodzi lomwe likutopetsa oonerera, chifukwa kungodandaula kuti mpira sukukomanso sikupereka poyambira. Pa World Cup ya 1990 ku Italy vuto linali loonekeratu: otseka kumbuyo ankabwezera mpira kwa goloboyi, iye n'kuutola, kuudunditsa, n'kuuperekanso kwa iwo omwewo, nthawi n'kumatha. Mu 1992 goloboyi analetsedwa kugwira ndi manja mpira umene mnzake wamubwezera dala ndi phazi, ndipo khalidweli linatheratu.

Kenako dziwani kokatula nkhaniyo. Kagawidwe ka mapointi kali m'manja mwa oyendetsa mpikisano, n'chifukwa chake England inayamba yokha mu 1981 kupereka mapointi atatu kwa timu yopambana. Malamulo a m'bwalo mwini wake ndi IFAB, bungwe lomwe linakhazikitsidwa mu 1886, mmene England, Scotland, Wales ndi Northern Ireland zili ndi voti imodziimodzi pamene FIFA, bungwe loyendetsa mpira padziko lonse, ili ndi mavoti anayi. Pamafunika mavoti 6 mwa 8, choncho FIFA singasinthe lamulo payokha, ndiponso palibe chingadutse iyo itakana.

Pamene ambiri amaphonya ndi pa chilango. Konzani chilango chimene woyimbira angalimbe mtima kupereka. Lamulo loti goloboyi asasunge mpira m'manja kupitirira masekondi 6 linalipo kwa zaka zambiri, koma oyimbira ankalinyalanyaza popeza chilango chake, firikiki ya m'kati mwa bokosi, chinali chachikulu kuposa mlandu. Mu 2025 IFAB inawonjezera nthawiyo kufika masekondi 8, chilango n'kukhala kona, ndipo woyimbira amakweza dzanja n'kumawerenga ndi zala masekondi asanu omaliza, bwalo lonse likuona.

Lamulo lisanafike m'mipikisano ikuluikulu liyesedwe kaye m'maligi ang'onoang'ono, ndipo poyesapo muziyang'ana zimene makochi akuchita nalo. Lamulo la golden goal, loti timu yoyamba kugoletsa mu nthawi yowonjezera yapambana pomwepo, linabwera kuti matimu azithamangira chigoli. Wosewera Laurent Blanc anapititsa nalo France patsogolo pokumana ndi Paraguay mu 1998, komabe matimu ambiri, poopa kugoletsedwa, ankangotseka kumbuyo kudikira mapenate, mpaka IFAB inalichotsa mu 2004.