Adokotala akakupatsani ma antidepressant chifukwa cha OCPD, muziyenda nawo chonchi

Choyamba tisasokoneze, OCPD (obsessive-compulsive personality disorder, vuto la khalidwe lofuna kuti chilichonse chikhale cholongosoka mopyola muyeso) si OCD (obsessive-compulsive disorder) ayi. Wa OCD amazunzika ndi maganizo obwerabwera omwe mwini wake sakuwafuna, pomwe wa OCPD amaona ngati iyeyo ndiye wolongosoka enanu ndinu a mphwayi. Ndi uja amalemba lipoti kufufuta kulembanso mpaka tsiku lokapereka kudutsa, ntchito sagawira mnzake ati aononga, zinthu zakutha sataya, ndalama kuumira.

Piritsi lopangidwira OCPD yeniyeniyo palibe, thandizo lalikulu ndi kukambirana ndi katswiri wa zamaganizo, monga CBT (therapy yothandiza kusintha kaganizidwe ndi kachitidwe ka zinthu). Koma adokotala amatha kukupatsani ma SSRI (mtundu wa ma antidepressant omwe amakweza serotonin, kemikolo ina ya mu ubongo) ngati fluoxetine, sertraline kapena fluvoxamine makamaka ngati mulinso ndi nkhawa kapena depression (matenda a kukhumudwa). Sakusandutsani munthu wina, amangofewetsako kuuma mutu kuja ndi nkhawa kuti za ku therapy zizilowa.

Musanayambe auzeni adokotala chilichonse chomwe mukumwa. Tramadol kapena mankhwala a zitsamba otchedwa St John's wort zikakumana ndi SSRI serotonin imachulukitsa m'thupi ndipo sizocheza, ibuprofen ndi aspirin nazo zimaonjezera chiopsezo chotaya magazi m'mimba. Ngati munadwalapo bipolar (matenda a maganizo omwe munthu nthawi zina amasangalala mopyola muyeso, nthawi zina kukhumudwa kwambiri), ndinu oyembekezera kapena mukuyamwitsa nenani pomwepo.

Imwani nthawi imodzimodzi tsiku lililonse, fluoxetine bola m'mawa poti ena amawasowetsa tulo. Masabata oyambirira mseru ndi mutu zimabwera koma nthawi zambiri zimazilala zokha. Kusintha kwenikweni kumaoneka pakatha masabata 4 mpaka 6, ena kupitirira apo, ndipo apa mpomwe a OCPD amagwera, munthu wawerenga kale kapepala ka m'bokosi mbali zonse, watsegula kope lolembamo momwe akumvera m'mawa masana madzulo, sabata yachiwiri isanathe wagamula yekha kuti mankhwalawa ndi achabe. Dekhani kaye abale, kopelo mukaonetse adokotala osati kusintha mlingo nokha. Mukaiwala tsiku limodzi musamwe awiri mawa lake pofuna kukonza.

Chilakolako cha kuchipinda chikatsika musachite manyazi kunena, amatha kukusinthirani mtundu. Koma maganizo ofuna kudzipha akabwera, zomwe zimachitika kwa ena osakwana zaka 25 akangoyamba kumene, thamangirani kuchipatala tsiku lomwelo.

Ndipo osangosiya mwadzidzidzi poti mwayamba kupeza bwino, mumva chizungulire, kukwiyakwiya ndi tina tonga shoko m'mutu. Adokotala ndi omwe amakutsitsirani mlingo pang'onopang'ono kwa masabata angapo kapena miyezi.