Fakitale ikamathira mankhwala mumtsinje wanu: momwe mungaigwirire isanakuphimbeni m'maso

Kuseri kwa nyumba zathu kumadutsa kamtsinje kamene kamakathira mu Mudi. Masana kamaoneka ngati mtsinje wina uliwonse wa mu Blantyre, madzi akuda pang'ono, majumbo ali mbwee. Koma usiku, makamaka Lachisanu kapena mvula ikangoyamba, madziwo amasanduka a buluu, thovu pamwamba, fungo lolasa kukhosi. Amayi ochapa anayamba kusupuka manja, mpiru wa m'madimba n'kupsa masamba. Chitoliro cha fakitale chimene zimatulukira aliyense ankachidziwa. Ine anandipatsa ulembi wa komiti yathu yolimbana ndi vutoli chifukwa foni yanga imajambula bwino, basi. Kampaniyo sinditchula dzina, nkhani ikadali m'maofesi.

Chimene ndaphunzira n'chakuti kampani sikangana nanu za madzi. Imakangana nanu za umboni wanu. Ndiye ntchito yonse ili pamenepo.

Choyamba, kope

Gulani kope lachikuto cholimba, osati la ana a sukulu limene limathothoka masamba. Tsiku lililonse madzi akasintha lembani deti, nthawi, mtundu wa madzi, fungo, ndi amene aona. Tsiku limene madzi ali bwino lembaninso. Ambiri amalumpha zimenezi, chonsecho n'zimene zimaonetsa kuti pali munthu amene amatsekula ndi kutseka. Wina akatuluka zidzolo apite kuchipatala, adokotala alembe m'buku lake la kuchipatala lija. Zithunzi nazo jambulani mutaima malo amodzimodzi, mlatho kapena mtengo uzioneka. Musamangodalira za pa WhatsApp, zimafika zitafufutika ndipo deti limasowa. Zoyambirira zisungeni mufoni ndi pa fulashi.

Kutunga madzi, pamene ine ndinagwa chagada

Ulendo woyamba ndinatenga botolo la mafuta ophikira, n'kulitsuka ndi sopo waufa, n'kutunga pachitoliro penipeni ndili ndekha cha m'ma 11 usiku. Linali Lachisanu. Botololo linagona pawindo la kukhitchini mpaka Lachiwiri, kutentha kwa mu Okutobala kuja. Kenako mnyamata wina amene ankati amagwira ntchito ku labotale anati ndingomupatsa ya fanta ndi ya kabaza, adzandiyezera mwamseri motchipa. "Ya fanta" ija inakula mpaka kukwana thumba la chimanga. Anabweretsa pepala lopanda chidindo, lopanda siginecha, manambala okhaokha.

Pamsonkhano kwa amfumu ndinalitulutsa monyadira. Mneneri wa kampani, bambo wa suti yotuwa, sanakweze mawu n'komwe. Analitembenuza kawiri, n'kufunsa mwaulemu: "Achimwene, madziwa munatunga ndi ndani? Botolo munali chiyani poyamba? Nanga kumtunda kwa fakitale yathu munatungako?" Ndinangoti kukamwa yasa. Iye anatembenukira kwa anthu n'kuti thovu limene tayezalo ndi la sopo wathu yemwe. Anthu anaseka, ena mwa iwo a m'komiti mwathu momwe. Miyezi itatu sitinasonkhanenso.

Ndiye mverani. Musanatunge, pitani kaye ku labotale yodziwika mukafunse. Mu Blantyre muno muli a Malawi Bureau of Standards, mulinso yunivesite ya MUBAS, imene ambiri timaitchulabe Poly. Funsani ngati akuyeza za anthu wamba pa nthawiyo, akufuna madzi ochuluka bwanji, m'botolo lanji. Za mafuta amafuna botolo lagalasi, za zitsulo monga lead ndi chromium amafuna lapulasitiki, ndipo ena amakupatsani lawo atathiramo kale asidi. Limenelo musalitsuke. Ngati mukugwiritsa ntchito lanu, gulani madzi akumwa osatsekula, khuthulani, tsukuluzani katatu ndi madzi a mumtsinje omwewo, dzazani mpaka pakamwa. Sopo ayi. Mabotolo otola amene amagulitsa kumsika asiyeni, simudziwa munali parafini kapena thobwa.

Tungani malo atatu usiku womwewo: kumtunda madzi asanafike pafakitale, pachitoliro, ndi kumunsi kumene anthu amachapa. Popanda a kumtundawo mwangotaya ndalama, chifukwa adzati uve unachokera ku Ndirande kapena kwina. Malo alionse mabotolo awiri. Valani magolovesi. Lembani pabotolo deti, nthawi ndi malo, ndipo mboni ziwiri zisaine m'kope, bwino wina akhale wa kwa amfumu kapena wazaumoyo wa m'dera. Mpanda wa kampani musadumphe, mungamangidwe n'kuwapatsa nkhani yabwino yoti aulutse. Mabotolo alowe mu kula bokosi ya ayezi, afike ku labotale m'mawa mwake. Ife tinabwereka kwa mayi wina wogulitsa mafilizesi. Apa vuto ndi Lachisanu lija, poti kutacha maofesi amakhala otseka, ndipo sindikhulupirira kuti kampani imasankha tsikulo mwangozi. Ife tinadikira sabata zisanu kuti atsekule mkati mwa sabata.

Amalipiritsa pa chinthu chilichonse chimene ayeza, choncho musati "yezani zonse", mudzalira. Auzeni zimene fakitale imapanga, akulangizeni. Ife tinayeza pH (muyeso wa asidi m'madzi), COD (muyeso wa uve umene umadya okosijeni m'madzi) ndi zitsulo ziwiri, ndalama tinasonkha khomo ndi khomo. Risiti ndi chidindo musaiwale.

Dziwiranitu nyimbo yawo

Ndi imodzimodzi, ndipo ndi yakale. Amayamba ndi "tikufufuza". Kenako "timatsatira malamulo onse ndipo tili ndi ziphaso". Kenako amaloza ena: mapaipi a suweji ophulika, otsuka magalimoto, inu nomwe otaya matewera mumtsinje. Chowawa n'chakuti zina mwa izo n'zoona, n'chifukwa chake botolo la kumtunda lija ndi mfuti yanu. Zikavuta amati mwina ndi wantchito wina wokwiya amene anatsekula dala. Ku Bhopal, m'dziko la India, mpweya wa poizoni utapha anthu zikwizikwi mu Disembala 1984, kampani ya Union Carbide inanenanso zomwezo, kuti wina anawononga dala. Pomaliza amatulutsa chikwapu cha ntchito: mukatitsekera, abale anu adya chiyani? Yankho lathu linali lakuti sitikufuna atseke, tikufuna ayeretse madzi asanawataye. Mawu amenewo muwabwereze paliponse, apo ayi ogwira ntchito kumeneko, amene ndi anansi anu, akutembenukirani.

Akakuitanani kukaona makina oyeretsera madzi pitani, koma mudziwe kuti tsikulo pamakhala potsukidwa ngati kukubwera nduna. Ku Minamata, ku Japan, matenda obwera ndi mercury, chitsulo cha poizoni, anadziwika mu 1956. Mu 1959 kampani ya Chisso, imene inkataya mercury m'nyanja, inatsekulira makina oyeretsera mwamwambo, mkulu wake n'kumwa kapu ya madzi pamaso pa alendo, chonsecho makinawo sankachotsa poizoni amene ankadwalitsa anthu. Boma linadzavomereza gwero la matendawo mu 1968. Inu pemphani zotsatira za kuyeza kwawo za miyezi ingapo yapitayo, komanso kuti mudzabwerenso tsiku limene mwasankha nokha.

Mphatso

Kwathu zinabwera sabata ziwiri pambuyo pa kalata yathu: mipira ndi yunifolomu za timu ya anyamata, mbande za mitengo, zitenje, ndi wojambula wawo. Chithunzi chinatuluka pa Facebook amfumu akumwetulira. Sindinganene kuti kanani, anyamatawo mpira amaufunadi. Koma gwirizanani kuti wa m'komiti asalandire alawansi, asaime pachithunzi, asapite yekha ku ofesi kwawo. Mmodzi wathu anapita yekha, anabwerako ali chete mpaka lero.

Pepala lililonse la chipukutamisozi liwerengedwe ndi loya musanadinde chala. Ku Minamata komweko mu 1959 odwala analandira kandalama ka chipepeso atasainira kuti sadzapemphanso kanthu ngakhale zitadzadziwika kuti kampani ndiyo yolakwa.

Makalata ndi zotsala

Lembani kalata imodzi ya tsamba limodzi, mumatepo zotsatira ndi zithunzi. Ipite ku khonsolo ya mzinda ku Civic Centre, ku MEPA, bungwe limene linakhazikitsidwa ndi lamulo la zachilengedwe la 2017, ku National Water Resources Authority, ndi kukampani komweko. Lamulo la 2017 limeneli limati munthu aliyense ali ndi ufulu wokhala pamalo aukhondo, litchuleni. Tengani makope awiri, lanu adinde kuti alandira. Ofesi ina inatiuza kawiri kuti kalata sinafike, chidindo ndicho chinatiombola. Lamulo lopatsa anthu mwayi wopeza nkhani linayamba kugwira ntchito mu 2020, mutha kupempha nalo malipoti a oyendera mafakitale. A CEPA, bungwe loima palokha loona za chilengedwe, nawo ali mu Blantyre momwe muno, za malamulo a zachilengedwe amazidziwa kuposa ife.

Atolankhani aitaneni pepala la chidindo lili m'manja, munene zimene mwayeza zokha, mawu oti "akupha anthu" angakubweretsereni samani. Za kukhoti konzekerani kudikira. Majumbo opyapyala analetsedwa mu 2015, makampani anathamangira kukhoti kukatenga ziletso, khoti la Supreme linagamula mu 2019 kuti majumbowo ndi oletsedwadi, koma onani mu Mudi lero.

Kope lija musasiye kulemba. Lathu ndi lachitatu tsopano, ndipo kula bokosi mwini wake akuifuna Lolemba.