Kuwongola kabini ya pikapu yakale yogundidwa pakona

Pikapu zakale monga Toyota Hilux ya m'ma 1990, Nissan Hardbody ndi Isuzu KB zili ndi ubwino umodzi zikachita ngozi: kabini yake inangokhazikidwa pamwamba pa chasisi n'kumangidwa ndi mabawuti odutsa m'marabala. Motero kabini ikhoza kupindika chasisi chili bwinobwino. Pano tikukamba za galimoto yogundidwa pakona yakutsogolo, pomwe fenda (chitsulo chophimba tayala) yaphwanyika, nsanamira yokhala ndi mahinjesi yakankhikira kumbuyo, chitseko chikukana kutseka, galasi lakutsogolo lang'aluka, mwinanso denga latukuka pang'ono pamwamba pa chitseko.

Ntchito imeneyi imayamba ndi tepi yoyezera. Imikani galimoto pa simenti yosapendekeka, matayala onse apopedwe mofanana, ndipo muchotse waya wa negetivi pa batire. Ngati ili ndi airbag, dikirani mphindi zingapo musanagwire mawaya a ku chiwongolero. Kenako lowani kunsi, mupeze mabowo a pa chasisi omwe alipo mbali zonse ziwiri, muyeze mopingasa: kuchokera pa bowo lakutsogolo kumanja kufika pa lakumbuyo kumanzere, ndiyeno mosemphanitsa. Miyezo iwiriyi isasiyane kupyola 3 mm. Ikasiyana kwambiri ndiye kuti chasisi chapindika, ndipo imeneyo si ntchito ya pakhomo, ipite ku galaja yokhala ndi makina okokera. Muli komweko onani mabawuti a kabini. Bawuti lopindika kapena rabala long'ambika limasendeza kabini yonse, ndipo zimaoneka pa mpata wa pakati pa kabini ndi bodi yakumbuyo, mbali ina waukulu, mbali ina waung'ono. Zimenezi zisinthidwe poyamba.

Masulani fenda, mpando, kapeti, mapulasitiki a m'kati ndi mawaya onse odutsa pa nsanamira, mukujambula ndi foni kuti musadzasokoneze pobwezera. Galasi la pikapu zambiri zakale limagwidwa ndi rabala. Dulani mlomo wa rabalalo ndi mpeni, anthu awiri alikankhe kuchokera m'kati atavala magolovesi. Chitseko chikakhala chopotoka, gulani china chakale chowongoka ntchito isanayambe, chifukwa chitseko chowongoka ndicho chidzakuuzeni ngati nsanamira yabwerera pamalo pake.

Miyezo yoyenera muitenga ku mbali yomwe sinagundidwe. Yezani khomo la chitseko mopingasa kawiri, ndi m'lifupi mwake pa hinjesi yapamwamba ndi yapansi. Yezaninso mopingasa malo okhala galasi. Lembani manambalawo ndi maka pa kabini pomwepo kuti muziwaona pokoka.

Chimene ambiri amalakwa n'kuthamangira kudula chitsulo chophwanyika kapena kumenya potukuka pa denga ndi hamala. Dengalo silinagundidwe ndi kanthu, latukuka chifukwa nsanamira ikulikankha. Mukalimenya pano mulitambasula, ndipo nsanamira ikadzabwerera padzatsala chidikha. Chitsulo chophwanyikacho chisiyeninso kaye, chifukwa ndi pomwe muti mugwire pokoka, ndipo pobwerera chimakoka zinzake zomwe chinakankha.

Njira zokokera ndi ziwiri, ndipo nthawi zambiri zimathandizana. Yoyamba ndi kukankha kuchokera m'kati mwa khomo ndi jeke ya mafuta ya matani 4 kapena kuposerapo, yowonjezeredwa paipi yochindikala. Tsinde lake likhale pakona yapansi ya nsanamira yakumbuyo, pomwe zitsulo zinakumana, ndipo muikepo thabwa lolimba kuti mphamvu imwazike. Mukatsamiritsa jeke pakati pa nsanamira yakumbuyoyo, mupinda yabwino m'malo mowongola yowonongeka. Jeke ya botolo ikagonekedwa imagwira ntchito pokhapokha mbali ya pampu ili pansi. Njira yachiwiri ndi tcheni buloko yomangidwa pa mtengo waukulu kutsogolo, chasisi chitamangidwa ndi tcheni pa mtengo wina kumbuyo. Handibuleki yokha singagwire. Musakowetse mbedza pa bowo la chitsulo chopyapyala, ching'ambika. Konzani chitsulo chafulati cha 6 mm, muchimange pa mabowo a mahinjesi ndi mabawuti ake onse, tcheni igwire pamenepo. Yalani bulangeti lakale kapena tayala pamwamba pa tcheni, ndipo pasakhale munthu woima molunjika nayo, ana makamaka.

Kokani molunjika mbali yomwe chogundacho chinachokera, pang'onopang'ono. Tcheni ikakungika, imani, mutenge hamala muzigogoda mopepuka m'mbali mwa makwinya onse, pa nsanamira, pansi pa kabini ndi pa chitsulo cholekanitsa injini ndi mokhala anthu. Kugogodaku kumamasula chitsulo kuti chikhazikike pomwe chafika. Mukapanda kutero, mukangomasula tcheni chimabwerera. Ngakhale mutagogoda chimabwererabe pang'ono, n'chifukwa chake mumapyola muyezo ndi 3 mpaka 5 mm. Masulani, yezani, pachikani chitseko ndi mabawuti awiri, muone, mubwerezenso. Mpata wozungulira chitseko ukhale wa 4 kapena 5 mm ponseponse, ndipo chitseke ndi dzanja limodzi popanda kuchinyamula. Anthu ena amatopa apa n'kukulitsa mabowo a mahinjesi kapena kupala m'mphepete mwa chitseko ndi gulayinda. Chitseko chimatsekadi, koma galasi latsopano limadzang'aluka pa bampu yoyamba chifukwa malo ake akadali opotoka.

Musatenthetse nsanamira ndi gasi kuti ifewe. Imawongoka msanga, koma chitsulo chimataya mphamvu, komanso moto umapsereza penti ya m'kati momwe simungafikemo, dzimbiri n'kuyambira mmenemo. Pomwe chitsulo chapinda n'kusiya mzere wakuthwa ngati pepala lopindidwa, kapena chang'ambika, kapena chadyeka ndi dzimbiri, pamafunika kudula ndi kuikapo china chochokera ku kabini ya mtundu womwewo. Timadontho tomwe anawotcherera ku fakitale tibooleni ndi dirilo ya 8 mm, chitsulo chapamwamba chokha. Pa chatsopanocho boolani mabowo a 6 mpaka 8 mm motalikirana pafupifupi 30 mm, chigwireni ndi mavaisi giripi, mupachikenso chitseko kuti mutsimikize, ndiyeno mudzaze mabowowo powotcherera. Nsanamira yodulidwa pakati iikidwe chitsulo china m'kati cholowa mbali zonse ziwiri, ndipo musadule pafupi ndi hinjesi kapena pomangira lamba wa pampando.

Chitsulo chakunja cha kabini n'chopyapyala, sichifika ndi 1 mm yomwe. Makina a marodi omwe timawotcherera mageti amangochiboola. Oyenera ndi a MIG, owotcherera ndi waya m'malo mwa marodi, okhala ndi waya wa 0.6 mm. Wotchererani kadontho apa, kena kutali, mudikire pazizire, mpaka madontho akumane. Mzere wautali umapotoza chitsulo chonse. Mapaipi a mafuta amadutsa kunsi kwa kabini ndipo thanki ili chapafupi, choncho muziphimbe ndi malata, chozimitsira moto chikhale pambali.

Zikatero ndi pomwe mumatembenukira ku zidikha zakunja. Tsamiritsani dolly (kachitsulo kolemera kogwira m'manja) kuseri kwa chidikha, hamala izigogoda potukuka pa m'mphepete mwake, kuyambira kunja kulowa m'kati. Mukamamva kulira kwa chitsulo pa chitsulo nthawi zonse, ndiye kuti mukuchitambasula. Malo otambasuka amadziwika chifukwa amati phofu kulowa, phofu kutuluka mukawadina ndi chala. Pamenepo pokha mpololedwa moto: tenthetsani kadontho kakang'ono ngati kandalama kachitsulo mpaka kafiire, gogodani mozungulira, muziziritse ndi nsanza yonyowa.

Fila, phala lomata pa chitsulo, ndi wosalazira, ndipo asapyole 3 mm. Wochindikala amang'aluka ndi misewu yafumbi n'kuyamba kusunga madzi. Palani mpaka pa chitsulo ndi sandipepa wa 80, pukutani pasakhale mafuta. Sakanizani fila ndi hardener (mankhwala omuumitsa) pafupifupi magawo 2 pa 100, pa thabwa losalala kapena galasi, osati pa katoni chifukwa imamwa. Muli ndi mphindi zinayi kapena zisanu asanaume, ndipo mu Okutobala zimachepa, choncho sakanizani wochepa. Hardener wambiri amabweretsa timabowo ndipo amadzathimbiritsa penti. Pakatha mphindi 20 mpaka 30 palani ndi 80, kenako 180, sandipepa atakulungidwa pa thabwa lalitali. Dzanja lokha limatsata mabampu. Fila sapalidwa ndi madzi, amamwa. Poperani pulayima (penti yoyambira) kawiri kapena katatu, wazani penti yakuda pang'ono pamwamba, mupale ndi 400 mpaka 600. Pomwe yakuda yatsalira mpolowa. Penti ya 2K, yomwe imasakanizidwa ndi hardener, ili ndi mankhwala owononga mapapo omwe kansalu ka pamphuno sikatchinga, ndiye ngati mulibe chigoba choyenera, kupopera kokhako kasiyireni a galaja. Nambala ya mtundu wa penti imakhala pa kachitsulo ka mu injini kapena pa nsanamira, koma penti ya zaka 25 inasuluka, ndi bwino kupita ndi kachitseko ka pothirira mafuta kuti akasakanize mofananiza.

Musanabwezere kapeti, matani sila (phala lotchinga madzi) pa misoko yonse yomwe mwawotcherera, m'kati ndi kunja, ndipo poperani mankhwala oteteza dzimbiri m'kati mwa nsanamira kudzera m'mabowo ake. Galasi libwere pomaliza, ndi rabala latsopano. Valikani rabala pa galasi, lowetsani chingwe cha nayiloni mu mpata wake kuzungulira konse, nsonga zikumane pansi pakati, pakani madzi a sopo. Wina azidina mopepuka kunja ndi zikhatho, inu mukukoka chingwe m'kati kuti mlomo wa rabala ukwere pa chitsulo. Likakana pakona imodzi musalimenye, litulutseni muyezenso. Likakhala, wina athire madzi ndi paipi pa denga ndi m'mphepete mwa chitseko kwa mphindi zisanu inu muli m'kati ndi tochi, ndipo kapeti ibwerere pokhapokha pansi pakhala pouma.