Kawerengedwe ka mphamvu imene imagwira mchere kuti usamwazike

Ophunzira ambiri a sekondale kuno ku Angónia akafunsidwa chifukwa chake sodiyamu ndi klorini amapanga mchere, amayankha zimene analoweza, zoti sodiyamu amapereka elekitironi imodzi kwa klorini kuti onse awiri akhazikike, ndipo amaimira pomwepo. Yankho limeneli n'loperewera, chifukwa kupatsana elekitironiko pakokha kumadya mphamvu: kuichotsa mu sodiyamu kumafuna 496 kJ pa mol imodzi (kJ ndi muyezo wa mphamvu, mol ndi muyezo wa kuchuluka kwa ma atomu), pomwe klorini akailandira amatulutsa 349 zokha. Mchere umene timathira m'ndiwo umakhazikika chifukwa cha mphamvu yaikulu imene imatuluka pamene ma ayoni, amene ndi ma atomu opereka kapena olandira elekitironi, akuthithikana kukhala njere yolimba, m'mene ayoni iliyonse ya sodiyamu imazunguliridwa ndi ma ayoni asanu ndi imodzi a klorini. Mabuku a Chipwitikizi amaitcha mphamvu imeneyi energia reticular.

Mphamvuyi sitingaiyeze mwachindunji, choncho timaipeza pa njira imene Max Born ndi Fritz Haber anakonza mu 1919. Iwo anatsamira pa lamulo la Germain Hess la mu 1840, lonena kuti mphamvu yonse ya kusintha kwa zinthu imakhala yomweyo kaya mwadzera njira yachidule kapena yozungulira.

Tengani kope ndipo mujambule mzere pakati pa tsamba, monga amachitira mlimi wa kachewere ku Tsangano polemba mbali ina ndalama za feteleza ndi za aganyu, mbali inayo zimene wapeza pamsika. Mphamvu yolowa muilembe ndi chizindikiro cha +, yotuluka ndi cha −. Yambani ndi sodiyamu wolimba, amene amafuna +107 kuti asanduke mpweya, kenaka lembani +496 ya kuchotsa elekitironi ija. Klorini amapezeka ma atomu awiriawiri omangana, ndipo popeza mchere umafuna atomu imodzi yokha, mulembe theka la mphamvu yowalekanitsa, lomwe ndi +122. Apa ndi pamene ndaona ana ambiri akupunthwa, chifukwa amakopera nambala yonse ya m'buku osaigawa pawiri. Pomaliza lembani −349. Mukaphatikiza zinayi mupeza +376, kutanthauza kuti kufikira pano mlimi wathu wangowononga, sanagulitsebe kanthu.

Tsopano onani njira yachidule. Sodiyamu ndi klorini akapanga mchere mwachindunji pamatuluka 411 kJ, choncho mulembe −411. Popeza njira ziwirizi ziyenera kufanana, chotsani +376 pa −411, ndipo mupeza −787 kJ pa mol. Ndikupemphani kuti muyang'anitsitse chizindikiro musanatseke kope, pakuti yankho likatuluka ndi + pamene ma ayoni akusonkhana, ndiye kuti pena pake mwasokoneza zolowa ndi zotuluka.

Mukafuna kuyerekeza zinthu ziwiri musanawerengere, funsani kaye kukula kwa chaji ya ma ayoni (chiwerengero cha ma elekitironi amene atomu yapereka kapena yalandira), kenaka kukula kwa ma ayoniwo. Mu magnesium oxide, wopangidwa ndi maginiziyamu ndi okosijeni, chaji ndi 2+ ndi 2−, ma ayoni ake ndi ang'onoang'ono, ndipo mphamvu yowagwira ili pafupifupi 3,800 kJ pa mol. N'chifukwa chake iye amasungunuka pa 2,852 °C ndipo amapangira njerwa za ng'anjo zosungunuliramo zitsulo, pomwe mchere wa kukhitchini umasungunuka pa 801 °C.

Wina afunsa kuti nanga mchere wolimba chonchi umatha bwanji mumphika wa nyemba. Gwiritsani kope lomwe lija. Kumwaza ma ayoni kumadya +787, koma madzi akawazungulira amatulutsa pafupifupi 783, kotero kuti pamatsala +4 yokha, imene kumwazikana kwa ma ayoni m'madzi kumaikwirira mosavuta. Mphamvu yochepayi imatengedwa m'madzi momwemo, ndipo ngati sukulu yanu ili ndi choyezera kutentha, thirani masupuni angapo a mchere m'kapu ya madzi, mutakase, ndipo muona mzere ukutsika pang'ono.