Kachidutswa kakasowa m'bokosi la kasitima kamatabwa

Anzanga amene mumamanga tisitima tamatabwa tobwera m'bokosi, musathamangire guluu. Tsiku loyamba yalani zonse pansalu yoyera, muwerenge chimodzichimodzi motsata mndandanda. Ine ndinazindikira kuti nthiti imodzi mulibe nditamata kale zinzake kumsana wa sitima, ndipo kuno ku Ulónguè, ku Mozambique, kudikira phukusi lina lochokera kunja ndi nkhani ya miyezi.

Thabwa lija mwathothamo zidutswa musalitaye. Ngati bowo la chosowacho lilipo, ikani pulaiwudi wochindikala mofanana pansi pake, mulembe ndi pensulo yosongoka, mudule kunja pang'ono kwa mzere, kenako mupale ndi sandipepa mpaka chilowe bwinobwino. Bowo likasowa, jambulani kuchokera papulani, koma yambani mwaona sikelo. Pa 1:50, mita imodzi ya sitima yeniyeni ndi masentimita 2 okha.

Timatabwa ta m'mbali tikaperewera, ine ndimakonda nsungwi youma bwino. Ing'ambeni mopyapyala, muiviike m'madzi otentha, ipindika osathyoka. Muisiye iumire pamalo pake mutaipana ndi mapegi oyanikira zovala, mumate mawa lake. Mukamata ikadali yonyowa, pouma imasiya mipata. Tizidutswa ta mlombwa, umene anzathu amati umbila, akalipentala amangotaya, chonsecho timakongola kwambiri pamwamba pa sitima.

Timphete pindani ndi waya wakopa wa m'nthambo yakale yamagetsi. Zingwe za matanga, ulusi wosokera nsapato wopaka phula la njuchi umakwana, ndipo suchita ubweya.