Mukamalondola anyani m'phiri la Mulanje

Anzanga amene mukukonzekera kafukufuku wa anyani, nchima kapena apusi m'nkhalango za Mulanje, chomwe chinandithandiza kwambiri ine ndi ichi: madzulo osathamangira kukampu ayi, tsatirani gululo mpaka muone mitengo imene lagona, mangani kansalu kofiira pamenepo kapena sungani malowo pa GPS, kachipangizo kolozera malo. Mawa lake fikani kusanache, muwapeza akadali pompo chifukwa usiku sayenda amenewa. Kupanda kutero m'mawa wonse umatha mukungoyang'ana m'mwamba, khosi kuwawa, osalemba kalikonse.

Komanso lembani ndi pensulo osati bolopeni, chiperoni chikangoyamba inki imafalikira pepala lonse, ntchito ya sabata yathunthu kuonongeka. Kope muziliika m'jumbo, thalauza pisirani m'sokosi kuopa linthumbu.