Kukonza boti lakale la aluminiyamu pakhomo: yambani ndi mariveti, penti abwere pambuyo

Boti la aluminiyamu likakhala zaka litavundikiridwa pansi pa mtengo wa mango ku Mangochi kapena ku Senga Bay, limaoneka ngati latha ntchito, koma nthawi zambiri limakhala lisanathe. Aluminiyamu sawola ndipo sachita dzimbiri lofiira lija la chitsulo. Zimene zimafa ndi zitatu: mariveti (timisomali tolumikiza mbale za boti), thabwa la kumbuyo lomangirapo injini, ndi malo amene aluminiyamu wakhala akukhudzana ndi chitsulo cha mtundu wina. Anthu ambiri amathamangira kugula penti chifukwa ndiye amaoneka ndi maso, kenako n'kumakapa madzi ulendo wonse m'boti lonyezimira. Penti ndi womaliza. Ntchito yonseyi imayenda bwino m'chilimwe, kuyambira Meyi mpaka Okutobala, pamene guluu ndi penti zimauma popanda chinyontho.

Livuleni kaye

Chotsani zonse zochotseka: injini, mipando yomanga ndi mabawuti, matabwa apansi, mawaya, zingwe. Musanamasule chilichonse chijambuleni pa foni, chifukwa pakadutsa mwezi simudzakumbukira kuti bawuti iti inali pati. Tsukani ndi madzi, sopo wotsukira mbale ndi bulashi ya pulasitiki. Soda uja ophikira sopo amagwiritsa ntchito, komanso mankhwala ochotsera penti okhala ndi soda wotereyu, asayandikire boti: amadya aluminiyamu, ndipo akalowa m'mphako za mariveti amapitiriza kudya inu mutatsuka kale.

Pansi pa matabwa yang'anani zimene zinagweramo. Mbedza, mitovu ya ukonde, tizidutswa ta waya wa mkuwa, mabatire a tochi, misomali. Paliponse pamene chimodzi mwa izi chinagona m'madzi, mupeza zoyera ngati ufa, ndipo pansi pake tizibowo. Chifukwa chake n'chakuti zitsulo ziwiri zosiyana zikakhudzana m'madzi zimapanga kamphamvu kochepa ka magetsi, ndipo wodyeka amakhala aluminiyamu. Mkuwa ndiye woopsa kuposa zonse. Palani malowo ndi bulashi ya waya wa stainless steel yomwe sinagwirepo chitsulo china, mupukute ndi viniga wosakaniza ndi madzi theka ndi theka, kenako mutsukuluze. Bulashi ya waya wamba kapena stiliwulu imasiya tinyenyeswa tachitsulo timene timayambitsanso vuto lomwelo.

Kukada, vundikirani boti, muike tochi yowala mkati, inu muzungulire kunja. Tizibowo tobooka timaoneka msanga. Tikakhala apa ndi apo, boti likonzeka. Koma ngati pansi ponse pachita timaenje ndipo sikuludiraiva ikulowa mukangokankha, musatayirepo ndalama. Mbale yonse yapansi yapyapyala ndipo zigamba sizingagwire.

Kupeza podontha

Kwezani boti pa mabenchi olimba amatabwa kapena pa zipika, pokwera moti muzitha kusuzumira pansi. Lichirikizeni pa msana wake komanso m'malo atatu kapena anayi pamene pali nthiti. Thiranimo madzi okwana masentimita 10 okha. Musapitirire apo: lita imodzi ndi kilogalamu imodzi, ndipo m'boti la mamita 4 madzi amenewo akhoza kufika makilogalamu 400. Boti linapangidwa kuti madzi azilikankha kuchokera kunja, ndiye mukalidzaza mukhoza kumasula mariveti amene anali bwinobwino. Musalowe pansi pake likadali ndi madzi.

Dikirani mphindi 20, muyang'ane riveti iliyonse. Imene pakutuluka dontho izungulizeni ndi choko kapena maka. Pensulo ayi, popeza chakuda chake chimadyanso aluminiyamu kukakhala chinyontho. Riveti yozunguliridwa ndi mzere wakuda ilembeninso ngakhale isakudontha, chifukwa kudako ndi umboni woti imagwedera. Pendeketsani boti mbali iyi ndi inayo kuti madzi afike m'mbali ndi m'makona a kumbuyo, kumene nthawi zambiri kumadontha kwambiri.

Mariveti

Apa ndiye pagona ntchito, ndipo pamafunika anthu awiri. Mmodzi amagwiriza chitsulo cholemera, monga mutu wa hamala ya makilogalamu 2, pa mutu wa riveti. Winayo amamenya mbali inayo ndi hamala yaing'ono, kawiri kapena katatu, mosakokomeza. Riveti imafufuma n'kudzaza bowo lake. Ngati wogwirizayo sakukankha mwamphamvu, hamala imangopinda mbale ya boti, yomwe pa maboti ang'onoang'ono imakhala ya mamilimita 2 kapena kuchepera. Mukamenya kwambiri, riveti imaphwatalala n'kung'aluka m'mphepete, ndipo imadontha kuposa kale. Chitsulo chogwirizacho chikakhala ndi kadzenje kolowa mutu wa riveti, mutuwo sumaphwanyika.

Riveti imene ikuzungulira ndi chala, yodyeka mutu, kapena imene ikudonthabe mutaimenya, ichotseni. Khomani kachizindikiro pakati penipeni pa mutu, muboole ndi dirilo mpaka mutu uduke, chotsalacho muchikankhe ndi panchi. Musaboole mpaka kutulukira mbali inayo, chifukwa dirilo ikapendekeka pang'ono bowo limakula. Mariveti ambiri pa maboti awa ndi a mamilimita 4.8. Bowo likakhala kuti lakula kale kapena lasanduka lozungulira motalika, liboolereni ku 6.4 n'kuikamo riveti ya saizi imeneyo.

Yabwino koposa ndi riveti ya aluminiyamu yopanda mphako, yomenya ndi hamala. Utali wake ukhale woti ikadutsa mbale zonse, kutsale gawo lotalika kamodzi ndi theka kuyerekeza ndi kunenepa kwake. Pa riveti ya 4.8 ndiye kuti pafupifupi mamilimita 7. Pamene dzanja silingafike kumbuyo, gwiritsani ntchito pop riveti, koma ikhale yotseka kumapeto ndiponso msomali wake wamkati ukhale wa aluminiyamu. Ma pop riveti wamba a m'mahadiweya ali ndi mphako yodutsa madzi, ndipo kamutu kachitsulo kotsalira mkati kamachita dzimbiri. Riveti iliyonse yatsopano iviikeni mu guluu wa polyurethane wa maboti, monga Sikaflex 291 kapena 3M 5200, musanailowetse. Dziwani kuti 5200 wamba amatenga mpaka masiku 7 kuti aume. Silikoni wa m'mawindo, uja wonunkha viniga, sagwira bwino pa aluminiyamu wa m'madzi ndipo penti samata pamwamba pake. Phula limene timamatira maboti amatabwa nalo musalithire apa: limangobisa podontha, likatentha limafewa, ndipo tsiku lofuna kuwotcherera limavuta kuchotsa.

Ming'alu ndi mabowo

Mng'alu umayenda. Choyamba booleni kabowo ka mamilimita 3 kumapeto kwake kulikonse kuti uimire pomwepo. Dulani chigamba cha aluminiyamu wonenepa mofanana ndi wa boti, chopitirira mng'aluwo ndi masentimita 4 kapena 5 mbali zonse, makona ake muwazungulitse ndi fayilo. Palani mbali zonse zokhudzana ndi sandipepala wa nambala 80, pukutani ndi acetone (mankhwala ochotsa mafuta ndi litsiro), pakani guluu uja paliponse, kenako mariveti motalikirana masentimita 3 ndipo asayandikire m'mphepete kuposa sentimita imodzi. Chigamba cha malata ofolera nyumba ndi cholakwika ngakhale chitaoneka choyera chimodzimodzi, popeza mkati mwake ndi chitsulo. Tizibowo tating'ono tapayokha timatsekeka ndi epoxy, guluu wolimba wosakaniza magawo awiri, monga Pratley Steel, bola malowo apalidwe mpaka kuwala ndipo mumate nthawi yomweyo.

Za kuwotcherera tinene mosabisa. Wowotcherera mageti ndi mafelemu a mawindo, ndi makina ake a ndodo zachitsulo, sangathe ntchito imeneyi. Aluminiyamu amasungunuka pa madigiri 660, pamene kakhungu kamene kamapangika pamwamba pake kamafuna madigiri oposa 2,000. Komanso safiira akatentha. Amangogwa mwadzidzidzi n'kusiya bowo. Pamafunika makina apadera owotcherera otchedwa TIG kapena MIG, mpweya wa argon ndi waya wowotcherera wa aluminiyamu wa nambala 5356. Ngakhale mutapeza mmisiri wotero, pa boti la mariveti musalole kuwotcherera pafupi ndi msoko, chifukwa kutentha kumawotcha guluu wa pakati pa mbale n'kumasula mariveti oyandikana nawo. Kuwotcherera kusiyireni makona a kumbuyo, nthiti zothyoka ndi maboti amene anapangidwa mowotcherera kuchokera pachiyambi. Ndipo mng'alu ukakhala pafupi ndi nthiti, onani nthitiyo: kawirikawiri ndiyo inayamba kuthyoka, mbale n'kumapindika pa funde lililonse.

Mukamaliza, bwerezani kuthira madzi kuja. Musapite patsogolo dontho likadalipo.

Thabwa la kumbuyo

Injini ya Yamaha Enduro 15, yodziwika kwambiri pa nyanja yathu, imalemera makilogalamu oposa 35, ndipo mphamvu yake yonse imakankha pa thabwa limeneli. Libayeni ndi sikuludiraiva kumunsi ndi mozungulira mabawuti. Likafewa, lonse lichoke. Chotsani chophimba cha pamwamba ndi zogwira m'makona, mulisolole mosamala kuti likhale chitsanzo chodulira latsopano. Kumbuyo kwake mbale ya aluminiyamu imakhala itadyeka chifukwa cha thabwa lonyowa. Itsukeni ndi kuipaka pulayimala (penti woyambira) thabwa latsopano lisanalowe.

Matani ndi epoxy zidutswa ziwiri za pulayiwudi wa maboti, chilichonse cha mamilimita 18, kapena muyeze mpata wa boti lanu n'kutsatira umenewo. Pulayiwudi wotere akasowa, thabwa louma bwino la mlombwa limagwira ntchito. Pakani epoxy kawiri kapena katatu mbali zonse, makamaka m'mphepete momwe madzi amalowera, ndi mkati mwa bowo lililonse la bawuti. Matabwa othiridwa mankhwala a chiswe, obiriwira aja, ali ndi mkuwa ndipo amaboola aluminiyamu. Asalowe m'boti ngakhale ngati matabwa opondapo. Mabawuti akhale a stainless steel, okhala ndi washala wa pulasitiki pakati pa chitsulo ndi aluminiyamu, opakidwa guluu kapena Duralac, mankhwala oletsa zitsulo zosiyana kudyana.

Yezaninso kutalika. Injini ya mwendo waufupi imafuna masentimita 38 kuchokera pamwamba pa thabwa kufika pansi pa boti, ya mwendo wautali 51. Kambale kopingasa ka pamwamba pa pulopela kalingane ndi pansi pa boti. Kakakwera, pulopela imagwira mpweya ndipo injini imangolira osakankha. Kakatsika kwambiri, mafuta amatha msanga.

Zoyandamitsa

Boti la aluminiyamu likadzaza madzi limamira, ndipo apa ndi pamene limasiyana ndi bwato. Pansi pa mipando pamakhala thovu lolimba loyandamitsa, koma lakale limamwa madzi, kulemera, n'kumadya mbale kuchokera mkati. Lichotseni. Kuwerengera kwake n'kosavuta: boti la makilogalamu 100 likamira limalemera pafupifupi 63 m'madzi, injini ya Enduro 15 ija pafupifupi 25, ndiye muwonjezere za anthu ogwirira m'mbali ndi katundu. Malita 120 a mpweya ndiwo poyambira pa boti lotere. Thovu losamwa madzi ndilo labwino, koma zigubu zisanu ndi chimodzi za malita 20 zotseka bwino zimathandiza, bola zimangidwe zolimba pansi pa mipando, zambiri kumbuyo kumene kuli injini. Chigubu chosamanga chimayandama chokha boti likumira.

Penti

Penti wakale amene wagwira bwino safunika kuchotsa. Mupaleni ndi sandipepala wa 180 kuti watsopano agwire. Pamene akusupuka, palani ndi 80 kapena 120 mpaka aluminiyamu aoneke. Galainda imatenthetsa ndi kupyapyalitsa mbale ndipo imadya mitu ya mariveti, choncho pafupi ndi mariveti palani pamanja, mutavala chotseka pakamwa ndi mphuno. Pukutani ndi acetone mpaka nsanza yoyera isadenso.

Aluminiyamu wopalidwa amapanganso kakhungu kake mwamsanga, ndiye palani gawo lokhalo limene mungapake tsiku lomwelo. Yambani ndi etch primer, pulayimala woluma aluminiyamu kuti penti agwire, kamodzi kokha, mopyapyala moti chitsulo chizionekera. Mukamuunjika amasupuka n'kutenga zonse zapamwamba. Red oxide ndi wa chitsulo, pano sagwira. Pamwamba pa etch primer pakani pulayimala wa epoxy kawiri, kenako penti wa polyurethane kapena enamel kawiri, mukutsatira nthawi youma yolembedwa pa chitini. Penti woletsa ndere wa pansi pa maboti kawirikawiri amakhala ndi mkuwa. Boti lokokera pamtunda tsiku ndi tsiku silimufuna. Pakani pamthunzi, m'mawa. Dzuwa la Okutobala limatenthetsa mbale moti penti amauma pamwamba mkati muli mwauwisi, ndipo masiku a mwera fumbi limamatirira. Dikirani sabata yathunthu musanalikokere pamchenga.

Pomanga magetsi a nyali, waya wa negetivu ubwerere ku batire, usalumikizidwe ku thupi la boti monga timachitira pa galimoto. Batire likhale m'bokosi la pulasitiki. Kachitsulo kotuwa kodyeka ka pa mwendo wa injini musakapake penti, ndipo kakatha theka kasintheni.

Tsiku loyamba pa doko sankhani m'mawa wabata. Liyandamitseni pamadzi osaya kwa theka la ola matabwa apansi asanabwezeredwe, anthu awiri atakhalamo, mukuyang'ana mariveti ndi makona a kumbuyo. Kenako, mutavala majekete opulumutsira, yendetsani injini pang'onopang'ono m'mbali mwa gombe, wina akuyang'ana ngati thabwa la kumbuyo likugwedera mukawonjezera moto. Pobwerera mangitsaninso mabawuti onse a thabwalo, chifukwa thabwa latsopano limaphwera pang'ono injini ikalikankha koyamba, ndipo muwaonenso pakatha maulendo angapo.